Sukulu za Rosenwald zisagwe, koma pachikwangwani alembe amene anasonkha

Ku Cumberland County, m'chigawo cha Virginia ku America, kuli kanyumba ka matabwa kotchedwa Pine Grove School, imodzi mwa sukulu za Rosenwald, zomwe zinamangidwira ana a anthu akuda ndi thandizo la munthu wolemera Julius Rosenwald. Kanamangidwa mu 1917 kuti ana a anthu akuda a m'deralo aziphunziramo, nthawi imene lamulo silinkalola mwana wakuda kukhala kalasi imodzi ndi mwana wa mzungu, ndipo ana anaphunziramo mpaka 1964. Nde mu 2018 makhansala a kumeneko anavomereza zoti kampani ina itsegule dzala lalikulu lotayako zinyalala, malo okwana maekala pafupifupi 1,200, moyandikana ndi sukuluyi. Anthu amene anaphunzira pamenepo, omwe pano ndi agogo, pamodzi ndi ana awo ndi adzukulu anakana kwamtuwagalu, anapanga gulu nkuyamba kusamalira nyumbayo okha, mpaka mu 2021 bungwe loteteza malo a mbiri yakale la National Trust for Historic Preservation linaika Pine Grove pamndandanda wa malo 11 a mbiri yakale omwe ali pachiopsezo kwambiri m'dziko lonse la America.

Ine ndili mbali ya agogo amenewa ndipo sindikubisa. Sukulu ngati izi zikonzedwe, zifoleredwe, zitsegulidwe anthu azilowamo. Koma pali kakonzedwe kena komwe kamandiwawa mtima, koti nyumba yapentedwa bwinobwino, riboni yadulidwa, alendo ajambulitsa zithunzi, kenako nkhani yonse imene mlendo wamva ndi yoti kunali munthu wina wolemera wamtima wabwino amene anamangira ana osauka sukulu, basi. Nkhani imeneyo ndi theka chabe, ndipo theka limene amalisiyalo ndi lomwe likuchititsa kuti nyumbazi zikhale zoyenera kuzisunga.

Tiyambire poyambira. Ukapolo unatha mu 1865, koma kummwera kwa America azungu anakhazikitsa malamulo atsankho aja amati Jim Crow, ndipo mu 1896 khoti lalikulu la dzikolo pamlandu wa Plessy v. Ferguson linagamula kuti kulekanitsa anthu potengera khungu kulibe vuto bola zinthu zikhale zofanana mbali zonse. Zofanana zake sizinaonekepo olo tsiku limodzi. Kumidzi ana akuda ankaphunzirira m'matchalitchi, m'zisakasa zodontha, pena m'nyumba zakale zomwe eni ake anazithawa, ndipo sukulu inkatsegulidwa miyezi yochepa pachaka chifukwa eni minda ankafuna ana kumunda nthawi yopalira ndi yothyola thonje. Ndipo musaganize kuti zinali za kale kwambiri zokhazokha, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ku Clarendon County ku South Carolina boma linkaika madola 179 pa mwana mmodzi wa mzungu, pa mwana wakuda madola 43, ana a azungu anali ndi mabasi pafupifupi 30, ana akuda analibe olo imodzi.

Booker T. Washington, amene iye mwini anabadwira mu ukapolo nkudzakhala mkulu wa Tuskegee Institute, sukulu yaukachenjede ya anthu akuda ku Alabama, anakumana ndi Julius Rosenwald mu 1911. Rosenwald anali mkulu wa kampani ya Sears, Roebuck ku Chicago, mwana wa Ayuda ochokera ku Germany, munthu wa ndalama zake. Mu 1912 atakwanitsa zaka 50 anapereka madola 25,000 ku Tuskegee, nde pa ndalama imeneyo panatsala kachenji, Washington nkumupempha kuti kotsalako ayesere kumangira timasukulu 6 ta kumudzi pafupi ndi Tuskegee. Zinayenda bwino. Washington anamwalira mu 1915 koma ntchito inapitirira, mu 1917 anakhazikitsa thumba la Rosenwald Fund, mu 1920 ofesi yoona zomangamanga inasamukira ku Nashville, ndipo pofika 1932 pamene pulogalamuyi inatsekedwa anali atamanga nyumba 5,357 m'zigawo 15, mwa izo pafupifupi 5,000 zinali sukulu, zina nyumba za aphunzitsi 217 ndi nyumba 163 zophunziriramo ntchito zamanja. Malo a ana opitirira 660,000. North Carolina yokha inali ndi nyumba zopitirira 800.

Tsopano taonani masamu ake, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa. Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 28.4 miliyoni. Thumba la Rosenwald linaikapo pafupifupi 4.3 miliyoni. Anthu akuda eni ake, alimi olima m'minda ya eni, azimayi ochapa zovala za azungu, anthu oti ambiri sankaloledwa nkuvota komwe, anasonkha pafupifupi 4.7 miliyoni. Azungu ena a m'maderamo anaponyapo 1 miliyoni ndi kanthu, ndipo gawo lalikulu, kupitirira 18 miliyoni, linachokera ku misonkho ya boma. Ndekuti anthu osaukitsitsa aja anapisa m'thumba kuposa mwini dzina lija. Ndi angati mwa amene anamvapo za sukuluzi akudziwa zimenezi?

Dongosolo lake linali loti thumba silitulutsa ndalama mpaka mudzi usonkhe gawo lake, upeze malo osachepera maekala 2, ndipo akuluakulu a maphunziro a boma, omwe onse anali azungu, avomere kuti sukuluyo ikhala ya boma ndipo azilipira mphunzitsi. Nde anthu ankasonkha bwanji ndalama alibe? Ankagulitsa nkhuku ndi mazira, azimayi ankakazinga nsomba ndi nkhuku nkumagulitsa pamisonkhano ya kutchalitchi, ena ankalima kandime kapadera ka thonje koti ndalama yake yonse ipite ku sukulu, amene anali ndi mitengo ankagwetsa nkukachekesa matabwa, amene anali ndi nyulu ankatuta, amene analibe chilichonse ankabwera ndi hamala nkudzakhoma misomali ataweruka kumunda. Ku Boligee ku Alabama kuli mbiri ya mkulu wina wokalamba, wobadwira mu ukapolo, amene pamsonkhano wosonkhera sukulu anakhuthula pagome ndalama zonse zomwe anasunga moyo wake wonse, madola 38, timakobidi tokhatokha, kuti ana a adzukulu ake adzapeze mwayi. Ndipo tisaiwale kuti anthu omwewa anali atalipira kale msonkho ku boma, msonkho umene unkamangira ana a azungu sukulu za njerwa. Katswiri wa mbiri James D. Anderson anazitchula bwino kuti kunali kukhoma msonkho kawiri, koyamba ku boma, kachiwiri kuchokera m'thumba lomwelo kuti mwana wako apeze chinthu chomwe chinali chake kale.

Ife kuno zimenezi sizachilendo kwenikweni. Mudzi wonse umadzuka mamawa kukaumba njerwa, azimayi kututa mchenga ndi madzi pamutu, achinyamata kuotcha uvuni usiku wonse, kenako buloko ikatha pakhoma pamalembedwa dzina la amene anagula malata ndi simenti, ndipo pakapita zaka 20 ana amangodziwa kuti anatimangira ndi akutiakuti. Sindikunena kuti Rosenwald anali munthu woipa ayi, anachita chinthu chachikulu pa nthawi imene olemera anzake ambiri analibe nazo ntchito, ndipo iye mwini sankakonda zoti dzina lake lizikhomedwa paliponse, moti nyumba yaikulu ya zasayansi ku Chicago ija, Museum of Science and Industry, ndalama inali yake koma anakana kuti itchulidwe dzina lake. Thumba lake analikonza loti ndalama zonse zigwire ntchito nkutha, ndipo linatsekedwadi mu 1948. Ndalama yake inagwira ntchito ngati chokakamizira boma kuti litulutse ndalama zomwe linkakaniza, chimenecho ndiye timuyamikire. Koma chitukuko chinali cha eni mudzi.

Nyumbazo pazokha ndi zofunika kuziona ndi maso, pachithunzi sizimveka. Mapulani oyambirira anajambulidwa ku Tuskegee komweko, m'modzi mwa ojambula anali Robert R. Taylor, munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro ku MIT, yunivesite yotchuka ya zasayansi, kenako ku Nashville anatulutsa kabuku ka mapulani kokhala ndi sukulu ya mphunzitsi mmodzi, ya awiri, mpaka zazikulu za aphunzitsi 7 ndi kupitirira. Kumidziko kunalibe magetsi, nde nzeru zonse zinapita ku dzuwa. Mawindo ankawaika aatali, ambirimbiri motsatana khoma limodzi, nyumba nkuitembenuza kuti mawindowo ayang'ane kummawa kapena kumadzulo, ndipo madesiki ankawandandalika kuti kuwala kubwere cha kumanzere kwa mwana, kuti akamalemba ndi dzanja lamanja chithunzithunzi cha dzanja chisaphimbe pakope. Olo mtundu wa penti analemba, denga lamkati loyera, makoma owala koma osathobwa m'maso. Nyumba ankaikweza pa nsanamira za njerwa kuti mphepo izidutsa pansi, chinyezi chisaoletse matabwa. Pakati pa makalasi awiri panali khoma lotsetsereka, masana ndi makalasi awiri, madzulo akalikankha ndi holo ya mudzi wonse ya misonkhano ndi zisudzo. Panja zimbudzi zokumba ndi dimba. Munthu ukaimirira mkati mwa kalasi yotere 10 koloko mmawa, popanda babu olo imodzi koma nkumatha kuwerenga pabolodi uli kumbuyo kwenikweni, umazindikira kuti panali anthu amene anakhala pansi nkuganizira maso a mwana wa mlimi wakuda pa nthawi imene boma lake silinkamuwerengera nkomwe. Mapulaniwa anali abwino moti sukulu zina za azungu zinawatengera.

Ndipo zinathandizadi. Akatswiri awiri a zachuma, Daniel Aaronson ndi Bhashkar Mazumder, anafufuza nkupeza kuti sukuluzi zinachititsa pafupifupi 40 peresenti ya kuchepa kwa mpata wa maphunziro pakati pa akuda ndi azungu a kummwera kwa amene anabadwa pakati pa 1910 ndi 1925. John Lewis, womenyera ufulu wa anthu akuda uja anamenyedwa mpaka kusweka mutu pamlatho ku Selma mu 1965 nkudzakhala phungu kwa zaka zopitirira 30, anayambira sukulu yotere ku Pike County ku Alabama. Mlembi wotchuka Maya Angelou anaphunzira ina ku Stamps ku Arkansas. Koma ine chimene ndimaona chachikulu si maina otchukawa ayi, ndi anthu zikwizikwi aja amene anatha kuwerenga kontilakiti ya mwini munda asanadinde chala, kuwerengera okha thonje lawo pasikelo, kulembera kalata m'bale amene anapita ku Chicago kapena Detroit kukafuna ntchito.

Alipo amene amati zisiyeni zigwe, nkusungiranji chinthu chokumbutsa manyazi. Ndimawamvetsa, makamaka akakhala kuti anaphunziramo okha. Iwo akukumbukira kuyenda mtunda wautali wapansi m'nyengo yozizira basi ya ana a azungu ikuwadutsa nkuwathira matope, kukumbukira kufika mmawa nkuyamba kutola nkhuni kuti akoleze mbaula ya pakati pa kalasi, kutunga madzi pachitsime, mphunzitsi mmodzi ndi makalasi 7 m'chipinda chimodzi, mabuku otsala ku sukulu ya azungu, ong'ambika, okhala ndi maina a ana ena atalembedwa kale pachikuto. Munthu amene anadutsa zimenezi ali ndi ufulu wosafuna kuionanso nyumbayo. Koma taganizani, ikagwa amene apindule ndani? Lero ku America kuli mkangano waukulu wa zomwe ana aziphunzitsidwa m'kalasi pa nkhani ya ukapolo ndi tsankho, m'zigawo zina mabuku akuchotsedwa m'malaibulale a sukulu, ndipo munthu atha kusintha silabasi chaka chimodzi chokha. Nyumba ndi yovuta kuitsutsa. Mwana akalowa nkuona yekha kukula kwa chipinda, mbaula, chimbudzi chapanja, kenako nkumuonetsa chithunzi cha sukulu ya azungu ya chaka chomwecho m'dera lomwelo, palibenso amene angamupake phula m'maso kuti zinthu zinali zosiyana malo chabe koma zofanana.

Chitsutso china ndi cholemera kuposa chimenecho ndipo sindikufuna kuchizembera. Amati pulogalamuyi inathandiza tsankho kukhazikika, inamanga sukulu zabwinoko mkati mwa lamulo loipa m'malo molimbana ndi lamulolo, komanso maganizo a Washington oti munthu wakuda aphunzire kaye ulimi, ukalipentala, kusoka ndi kuphika anali okomera azungu omwe ankafuna antchito odziwa ntchito koma osafunsa mafunso. W. E. B. Du Bois, mtsogoleri wina wa anthu akuda, anakangana naye Washington poyera pa nkhani yomweyi. Ndipo maganizo amenewa sanathere ku America, anaoloka nyanja nkutipeza kuno. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, momwe munali James Aggrey wa ku Gold Coast, linayendera Nyasaland kudzaona za maphunziro, ndipo patangopita zaka zochepa ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre, dzina ndi nzeru zake zochokera kwa aphunzitsi oyendera sukulu za kumidzi ya anthu akuda kummwera kwa America, aphunzitsi omwewo amene ambiri a iwo ankayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama za sukulu za Rosenwald. Atsamunda anaikonda nzeruyi pa chifukwa chomwe eni minda ya thonje anaikondera. Nde chitsutsochi nchoona ndipo chilembedwe pakhoma la sukulu iliyonse yokonzedwa, asachibise. Chokhacho, makolo ndi aphunzitsi akuda sanatsatire zimene anawakonzera. Chipinda cha ntchito zamanja m'malo ambiri chinasanduka kalasi wamba ya masamu ndi kuwerenga, aphunzitsi ankaphunzitsa mbiri ya anthu akuda ndi malamulo a dziko, ndipo m'badwo umene unatuluka m'makalasi amenewa ndi womwe unadzagwetsa Jim Crow. Kholo la mu 1920 silikanauza mwana wa zaka 7 kuti dikira kaye zaka 34 khoti ligamule zothetsa tsankho m'sukulu.

Pali sukulu ina ku Notasulga ku Alabama, Shiloh-Rosenwald School, imene kwa ine imasonyeza chifukwa chake nyumbazi zisamakonzedwe ngati malo achisangalalo chokhachokha. Ili pafupi ndi tchalitchi cha Shiloh Missionary Baptist, ndipo malo amenewa ndi amodzi mwa omwe a zaumoyo a boma la America ankasonkhanitsirapo azibambo akuda pa kafukufuku woipa uja wa chindoko wa ku Tuskegee, amene anayamba 1932 mpaka 1972. Azibambo 600, mwa iwo 399 odwala, anawanamiza kuti akulandira thandizo la magazi oipa pomwe madokotala ankangofuna kuona mmene matendawa amamuwonongera munthu, olo mankhwala a penisilini atapezeka sanawapatse. Ena mwa azibambowa anaikidwa m'manda a pa Shiloh pomwepo. Boma linasankha malo amenewa chifukwa ndi pomwe anthu ankawakhulupirira, pa tchalitchi chawo ndi sukulu yomwe anamanga okha. Anthu a kumeneko anaikonza sukuluyi ndipo akufotokoza nkhani zonse ziwiri, ya kunyadira ndi ya kupusitsidwa, pamalo amodzi. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Nanga zinatha bwanji? Mu 1954 khoti lalikulu pamlandu wa Brown v. Board of Education linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu nkosemphana ndi malamulo a dziko. Zigawo zambiri zinachita makani, moti Prince Edward County, yoyandikana ndi Cumberland yomweyo, inatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964 kusiyana nkuti ana aphunzire limodzi. Kusakaniza kutayamba kwenikweni m'zaka za m'ma 1960, sukulu zomwe zinatsekedwa zinali za akuda, ana awo ndi amene anakwezedwa mabasi kupita kwa eni, ndipo aphunzitsi ndi mahedimasitala akuda zikwi makumi angapo anachotsedwa ntchito kapena kutsitsidwa. Nchifukwa chake mukamva agogo ena akulankhula za sukulu yawo yakale misozi ili m'maso musathamangire kuganiza kuti akusirira tsankho. Akulira mphunzitsi amene ankadziwa mayi awo, ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ankawauza tsiku lililonse kuti akhoza. Koma apanso pofunika kusamala, chifukwa pali ena amene amatola mawu a agogowa nkumati mwaona, nthawi ija zinali bwino. Sizinali bwino ayi. Aphunzitsi anali abwino, makolo anali olimba mtima, lamulo linali lankhanza, ndipo amene akuonetsa alendo malowa azinena zitatu zonsezi.

Nyumbazo zitatsekedwa zina zinagulitsidwa nkusanduka mosungira udzu wa ng'ombe, zina nyumba zogona, zina matchalitchi anazitenga, zambiri zinangoola m'tchire mitengo nkumera pakati pa kalasi. Mu 2002 National Trust inaika sukulu zonse za Rosenwald pamndandanda wa malo ali pachiopsezo uja, ndipo chiyerekezo chawo nchoti zatsala pakati pa 10 ndi 12 peresenti basi, cha m'ma 500, ndipo mwa zimenezo zambiri zili mmavuto. Wina atha kufunsa kuti ndalama yokonzera matabwa akale bwanji osagulira ana a lero mabuku ndi makompyuta, poti sukulu za m'madera a anthu akuda mpaka pano ndi zosowa. Funso labwino, koma America si dziko losowa ndalama, ndipo nyumba za eni akapolo zokhala ndi nsanamira zoyera zija akhala akuzisamalira kwa zaka zambiri popanda wofunsa funso limeneli. Pa malo opitirira 95,000 omwe ali m'kaundula wa dziko wa malo a mbiri, ndi pafupifupi 2 peresenti yokha yomwe ikukamba za anthu akuda. Funso la ndalama limangodzuka ikafika nthawi ya mbiri ya anthu ena.

Komanso sukulu yokonzedwa bwino imagwira ntchito lero lomwe. Scrabble School ku Rappahannock County ku Virginia inatsekedwa mu 1968 nkukhala bwinja kwa zaka zambiri, anthu amene anaphunziramo analimbikira mpaka mu 2009 inatsegulidwanso ngati malo okumaniranapo okalamba, mbali ina nkusiya ya mbiri ya sukuluyo. Ridgeley School ku Prince George's County ku Maryland, yomangidwa mu 1927, kwa nthawi yaitali inali ofesi ya pamalo oimikapo mabasi a sukulu, mu 2011 inatsegulidwa itakonzedwa ndipo ana a sukulu amapitako kukaona. Njira ya Scrabble ndi imene ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa nyumba yomwe anthu akulowamo sabata iliyonse ikayamba kudontha wina amaona msanga, pomwe yotsegulidwa kamodzi pachaka pa mwezi wa February pokumbukira mbiri ya anthu akuda imaola mwakachetechete ili ndi loko pachitseko.

Pomwe mtima wanga sukhazikika ndi pa nkhani yosamutsa. Ku Charlotte ku North Carolina kunali Siloam School, yomangidwa cha m'ma 1920 potsatira pulani ya Rosenwald, tauni inakula nkuizungulira mpaka inapezeka ili kuseri kwa nyumba za lendi ikugwa. Mu 2023 anainyamula pa chigalimoto nkupita nayo ku Charlotte Museum of History, anaikonza, mu 2024 nkuitsegula. Ndikuyamika kuti yapulumuka, kusiyana nkuti igwe bola kuisamutsa. Koma isakhale njira yoyamba kuganiza. Sukulu zimenezi sizinali paokha, pafupi pake pamakhala tchalitchi chimene chinasonkhetsa ndalama, manda a amene anakhoma misomali, msewu umene ana ankayenda, ndi malo enieniwo amene banja lina lakuda linadula pamunda wake nkupereka, pa nthawi imene munthu wakuda kukhala ndi malo akeake chinali chinthu chovuta kwambiri. Ukainyamula nyumba zonsezi zimatsala, ndipo kampani imene imafuna malowo imapeza mpata wonena kuti vuto latha.

Ntchito yokonza yeniyeni ilibe zokometsera. Choyamba ndi denga, madzi akangolowa matabwa sachedwa, kenako nsanamira zapansi ndi mitanda imene chiswe chadya. Mawindo ndi amene amadya ndalama ndipo apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, kontilakita amabwera nkunena kuti tichotse akalewa tiike amakono aang'ono otchipa, koma mukatero mwachotsa chinthu chomwe chinapanga nyumbayo kukhala sukulu, bola kukonza limodzilimodzi olo zitenge zaka. Penti wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, wofunika anthu odziwa kumuchotsa, si wongopala ndi ana a m'mudzi Loweruka. Nde pali nkhani ya mapepala, imene imagwetsa magulu ambiri asanayambe nkomwe, malo ndi a ndani, a boma, a tchalitchi, kapena a banja limene agogo anamwalira osasiya wilo ndipo pano eni ake ndi adzukulu ambirimbiri omwazikana m'matauni. Popanda pepala la umwini mabungwe opereka ndalama sakuyang'ana nkomwe, ndipo msonkho wa malo ukaunjikana boma litha kugulitsa pa okushoni. Chiyambire 2017 pali thumba la African American Cultural Heritage Action Fund lomwe lathandizapo malo ngati amenewa, koma ndalama zotere zimakonza nyumba, sizilipira magetsi ndi inshuwalansi chaka ndi chaka, zimenezo zimatsalira kakomiti ka anthu okalamba omwe akusonkhabe ndi nsomba zokazinga ngati mmene ankachitira makolo awo. Apa boma la dera lililonse likuyenera kulowererapo ndi bajeti yokhazikika, chifukwa ngongole ya msonkho kawiri ija silinabwezebe.

Ndipo pali chinthu chachangu kuposa denga. Mwana amene anali ndi zaka 6 mu 1960 pano wadutsa zaka 70, amene anaphunzira m'ma 1940 ali m'ma 80 ndi 90, chaka chilichonse akuchepa. Matabwa atha kudikira chaka china ataphimbidwa ndi lona, koma munthu amene akudziwa kuti mphunzitsi ankagona nyumba ya ndani, ndani anapereka malo, ndani ankabwera ndi nkhuni, akapita wapita nazo. Foni iliyonse pano imajambula mawu, adzukulu akhale nawo pansi agogowa tsopano. Ku Fisk University ku Nashville kukusungidwa makadi a thumba la Rosenwald, sukulu iliyonse ndi khadi lake, nthawi zambiri ndi chithunzi chomwe, ndipo pakhadipo analemba ndalama zimene akuda anapereka, zimene azungu anapereka, za boma ndi za thumba. Mu January 2021 ku America kunasainidwa lamulo louza National Park Service, nthambi ya boma yosamalira malo a dziko, kuti ifufuze zokhazikitsa malo a dziko okumbukira Julius Rosenwald ndi sukuluzi. Ndi nkhani yabwino, koma dzina lotsogola ndi lomwe lija. Ine ndikanakonda kuti pakhomo la sukulu iliyonse yokonzedwa akhome manambala anayi a pakhadi la ku Fisk aja mmene alili, ndipo pansi pake maina a mabanja onse amene mabuku a tchalitchi ndi agogo otsalawa angakumbukire, olo atakhala mndandanda wautali wofuna matabwa awiri.